Mayi Gwaza ndi Lole ya Olanda Katundu

Mbiri imene anawerenga pamaliro a Mayi Gwaza mwezi wathawu inali ndi bodza pamalo amodzi, ndipo malo amenewo ndi amene akundisowetsa mtendere. Anawerenga ndi mkamwini wawo, bambo wa ku Area 43, atavala suti yakuda dzuwa likuswa mtengo. Anatchula kumene anabadwira, sukulu imene anaphunzira, maofesi amene anagwirako. Kenaka anati mayi athu anapuma pantchito mwaulemu. Ine ndinali kumbuyo, pamphasa, ndipo ndinatembenuka kuyang'ana mnzanga Asiyatu amene anakhala pambali panga. Iye anangokokera mpango kumaso. Mayi Gwaza sanapume pantchito. Anachita kuwachotsa. Ndikudziwa chifukwa tsiku limene analakwiralo, ngati kunali kulakwa, ine ndinali nawo.

Sindine munthu wa sukulu, ndinalekezera sitandade faifi, ntchito yanga ndi kugulitsa kaunjika kumsika wa Tsoka. Mwina n'chifukwa chake sindimvetsa kuti munthu akamwalira timamuchapiranji mbiri mpaka kuchotsamo chinthu chimene chinali chakechake. Ndiye ndati ndinene ndekha mmene ndikudziwira.

Ndinawadziwira kubungwe lina lobwereketsa ndalama kwa amayi a bizinesi. Ofesi yake inali ku Area 2, pamwamba pa shopu yogulitsa malata ndi misomali. Ife timatenga ngongole m'magulu, wina akalephera kubweza anzake timasenza. Mayi Gwaza ndi amene ankayang'anira gulu lathu. Anali aatali, oyenda mofulumira, nsapato zawo zafulati ngati za abambo, ambulera m'khwapa kaya kuli mvula kaya kulibe. Anzawo a muofesi ankakhala pa desiki kumatifunsa mapepala. Iwo ankabwera pabenchi pako penipeni, n'kumatembenuza zovala, kufunsa kuti belo unagula kwa ndani, zotsalira umazitani, ana ali angati pasukulu. Akachoka amakhala adziwa kale kuti ungathe zingati, ndipo ukapempha zoposa pamenepo ankakana maso ali gwa. Ankakonda kunena kuti ngongole ili ngati moto wopala kwa neba, n'ngwophikira, si wogona nawo pamphasa.

Fanta sankalandira. Ngakhale bulauzi ya m'belo, yoti wawaikira pambali mwachikondi, ankaibweza n'kufunsa mtengo wake. Ena ankati n'kunyada. Ine pano ndimaona kuti ankadziwa kuti tsiku lina adzafika pakhomo pako ndi nkhope ina, ndiye sankafuna kudzafika atavala bulauzi yako.

Ndipo ankafikadi. Musaganize kuti ndikunena za mngelo. Chaka china mwana wanga atadwala ndinadya mpamba, ndipo Mayi Gwaza anabwera kudzanyamula filiji yanga imene ndinkapangira mafirizi. Ndinawagwadira, iwo anangoti anandichenjeza kale. Pamsonkhano wa gulu ndinawatukwana pamaso pa anthu, ndinawatchula mfiti yonyamula chikwama. Anandisiya mpaka mpweya unandithera, kenaka anati:

"Mayi a Tadala, mukamaliza mundiuze. Ndili ndi gulu lina ku Mchesi."

Dzinja lonse limenelo sindinawapatse moni. Iwo ankandipatsabe tsiku lililonse akadutsa, ndi dzina langa lomwe, ngati palibe chachitika. Filiji ija ndinakaiwombola ndekha. Ndinaipeza musitolo ya ofesi ataifunditsa chitenje chawo kuti isalowe fumbi, koma sanachotsereko ngakhale tambala.

Asanabwere kwa ife anagwirapo kubanki ina yaikulu ku City Centre, pawindo lolandirira ndalama, nthawi imene amayi m'mabanki anali owerengeka. Sankakamba kawirikawiri, koma tsiku lina mvula itatitsekera pansi pa pepala la pulasitiki lofolera benchi yanga anandiuza kuti ali ndi pathupi pa mwana wawo woyamba ankavala juzi yaikulu mwezi wa Okutobala, thukuta lili kamukamu, chifukwa bwana akazindikira ankakuchotsa pawindo kuti makasitomala asakuone. Anaphunzitsa anyamata ambiri kugwira ndalama, anyamatawo n'kumakwera n'kukhala mabwana awo. Makina atabwera, banki inachepetsa anthu, ndipo oyamba kutuluka anali amayi achikulire a pawindo. Khalidwe la kubanki sanalisiye. Ukawapatsa ndalama zochokera pamfundo ya chitenje, zonyowa, zokwinyika, ankayamba kaye aziwongola imodziimodzi pabondo, nkhope zonse kuyang'ana kumodzi, uku akukudzudzula kuti ndalama si kansalu kominira.

Kenaka inafika nyengo ija mafuta anasowa ndipo kwacha inagwa. Amene munali mu Lilongwe muno mukukumbuka. Magalimoto kugona pamizere, anthu ndi zigubu, a ku Capital Hill kuyenda wapansi ndi mataye awo. Belo ukagula lero, ukabwerera kukagula ina wapeza mtengo wasintha, ndalama zonse za belo yoyamba sizikukwana. Makasitomala ankangotembenuza zovala n'kuzisiya. Magulu anayamba kugwa, osati chifukwa cha ulesi, koma kunalibe wogula. Likulu la bungwe linatumiza manijala watsopano, wachinyamata ndithu, wonunkhira perefyumu, amene ankawatchula Mayi Gwaza kuti Gogo pamaso pa ife tonse. Iyeyo anabwera ndi nzeru imodzi yokha, kulanda. Ndipo kachitidwe kawo kanali koti lole ikamapita kolanda, wapampando wa gulu azikwera kutsogolo n'kumaloza nyumba za anzake, kuti chidani chizitsala pakati pa ife tokhatokha. Chaka chimenecho wapampando ndinali ine.

Lole inakhala nthawi yaitali osayenda chifukwa chosowa dizilo. Kenaka manijala anapeza dizilo kwa mavenda a zigubu, pamtengo woti iye mwini ankauchitira kudandaula pamakwerero ponse. Anathira muthanki wongokwana kuzungulira m'tawuni n'kulamula kuti tsiku limenelo tizungulire Kawale, Biwi ndi Mchesi, madzulo lole ibwere itadzaza. Kutsogolo tinakwera ine, Mayi Gwaza ndi dalaivala, a Jamu. Kumbuyo kunali abambo awiri onyamula katundu.

Nyumba yoyamba inali ya Asiyatu ku Kawale. Asiyatu ankagulitsa zitenje, ndipo amuna ake anali telala pakhonde la shopu ina ku Area 2. Bambowo anadwala nthawi yaitali, mpamba wonse unathera kumankhwala. Tonse tinkadziwa, Mayi Gwaza ankadziwanso. Ine m'njira monse ndinkangoganiza kuti ndikaloza bwanji khomo limene ndadyapo.

Sindinalozenso. Titakhota kulowa kamsewu kawo tinapeza masamba atayalidwa pamsewu. A Jamu anachepetsa liwiro okha n'kuvula chipewa. Panja panali abambo atakhala pamabenchi ndi tizisoti tawo toyera, m'nyumba mukumveka kulira. Bambo aja anali atamwalira m'bandakucha kuchipatala. Anthu ataona dzina la bungwe pachitseko cha lole anayamba kuimirira mmodzimmodzi. Ndinamva wina akuti afika olanda aja. Kunena zoona ndinaona ngati miyala iyamba.

Mayi Gwaza anatsegula chikwama, natulutsa chitenje. Sankayenda opanda chitenje m'chikwama, ankati mu Lilongwe sudziwa kuti ukumana ndi maliro pati. Anamanga pamwamba pa siketi ya kuofesi, anatsika, anadutsa pakati pa abambowo atawerama pang'ono manja ali pamodzi, anavula nsapato pakhomo n'kulowa. Ine ndinatsatira. Anakakhala pansi pafupi ndi Asiyatu. Asiyatu atawaona analira mokweza, n'kumanena kuti tengani, tengani zonse, mashini ili apo. Iwo anangomugwira dzanja n'kumutsitsa.

M'menemo ndi mmene tinamvera vuto lake. Anzathu achisilamu sagoneka mtembo, munthu akamwalira m'mawa amafuna alowe m'manda dzuwa lisanalowe. Malemuwo anali atanena kuti akawaike kwawo cha ku Linthipe, pafupi ndi makolo awo. Abale anali atazungulira tawuni yonse kuyambira m'mawa kufuna galimoto. Zonse zinali pamizere ya mafuta, ndipo wina amene anali nawo anatchula mtengo woti ngakhale msikiti wonse utasonkha sukanakwana. Mtembo unali ukadali kuchipatala, dzuwa likukwera. Mchimwene wa malemu, bambo wachikulire wa ndevu zoyera, anali atakhala pakhonde atagwira mutu.

Mayi Gwaza anatuluka n'kupita pawindo la lole. Anafunsa a Jamu ngati dizilo angafike ku Linthipe ndi kubwerako. A Jamu anati kupita afika, kubwera ndi Mulungu. Kenaka anazindikira chimene chikufunsidwa, ndipo anayamba kukamba za ana awo ndi lendi. Mayi anaitana ine ndi abambo awiri akumbuyo aja, n'kunena pamaso pathu kuti a Jamu akana, koma iwo monga wamkulu paulendowu awalamula, ndipo aliyense akafunsidwa akanene choncho. Nthawi yomweyo foni yawo inalira. Anali manijala. Mawu ake ankamveka ndithu chifukwa ankalankhula mokuwa, kufunsa kuti tanyamula nyumba zingati.

"Tapeza maliro, bwana."

Iye anati tidumphe nyumba imeneyo tipite ina, ya malirowo tidzabwerera sabata yamawa.

"Ayi, lole ikupita ku Linthipe. Ngongole ikhoza kugona mpaka mawa. Mtembowu sugona."

Anathimitsa foni n'kuiponya m'chikwama. Ine ndinawanong'oneza kuti amayi, mwatsala pang'ono kupuma, ganizirani ndalama zanu. Anandiyang'ana ngati ndawaponda chala, n'kundiuza kuti ndisunthe mchimwene wa malemu uja akhale pakati m'lolemo.

Tinakatenga mtembo, abambo anausambitsa n'kuuveka nsanda mwamsangamsanga, n'kuukweza pamalo pomwe pakanakhala mafiliji ndi matiresi a anthu. Abambo awiri olanda aja ndi amene anagwira kumutu pokweza, mmodzi mpaka anavula jekete yake n'kuyala pansi. Msewu wa ku Dedza unali mbee, wopanda galimoto, ngati tonse m'dziko muno tasamuka. Kumudzi abambo anapita kumanda, ife amayi tinatsala pakhomo monga mwa mwambo wawo, ndipo Mayi Gwaza, mayi wa Mvano wa yunifolomu yoyera, anasenza ndowa kukatunga madzi ndi amayi a kumeneko osadziwa kuti ameneyu ndani. Munthu analowa m'manda dzuwa likadalipo.

Pobwerera dizilo anathera pafupi ndi Nathenje. Lole inatsala pamenepo, a Jamu akugona momwemo kuilondera mpaka ofesi itapeza mafuta ena. Nthawi yonseyo kunalibe kulanda, ndipo zimenezi ndi zimene zinawapweteka kwambiri kulikulu.

Mayi Gwaza anawaitanira kulikulu la bungwe ku City Centre kukayankha mlandu. Ife a gulu lathu ndi ena a ku Mchesi tinatseka mabenchi, tinavala zitenje za bungwe zimene anatigulitsa pa chikondwerero china, n'kuyenda wapansi mpaka kumeneko kuti tikawalankhulire. Mlonda anatilowetsa monyinyirika. Mtsikana wa pakhomo anati tidikire, atiitana. Tinakhala pansi pa matailosi ozizira. Pakhoma panali kalendala ya bungwe, ndipo pachithunzi chake tinalipo ifeyo, tikuseka, titanyamula zovala za kaunjika m'mwamba, pakati pathu mayi wamkulu wa bungwelo amene ankabwera kumisonkhano kudzatiuza kuti mayi akatukuka dziko latukuka. Mayi ameneyo anatidutsa kawiri tsiku limenelo, makiyi a galimoto ali m'manja. Anayang'ana mapazi athu kuti asatiponde. Palibe anatiitana.

Mayi Gwaza anatuluka ndi chikwama chawo ndi ambulera. Tinaimirira tonse. Anatiyang'ana, nkhope osasintha, n'kufunsa:

"Pamabenchi mwasiya ndani? Lachisanu ndi tsiku lobweza, musaganize kuti lasintha."

Anawachotsa kuti anagwiritsa ntchito katundu wa bungwe molakwika. Wochotsedwa pamlandu wotere sankalandira ndalama zija amakupatsa ukapuma bwinobwino. Anangowabwezera zimene ankawadula pamalipiro, ndiponso mochedwa, moti pofika m'manja mwawo kwacha inali itazidya kale. A Jamu ntchito yawo inatsala, chifukwa tonse tinanena monga anatiuzira.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti lole ija inabwereranso kwa Asiyatu. Mkazi wachisilamu amuna ake akamwalira amakhala m'nyumba miyezi ingapo osatuluka kukachita malonda. Anamupeza ali m'nyumbamo. Anatenga mashini ya malemu, matiresi, ngakhale zitenje zotsala zogulitsa. Ine upampando ndinali nditausiya, analoza ndi wina, ndipo sindimuimba mlandu, nayenso anali ndi filiji yake. Ndinathamangira kwa Mayi Gwaza kukawauza, ndikuyembekeza kuti atukwana, kuti tilira limodzi. Iwo anati ngongoleyo inalipo ndithu, ndipo akanakhala pantchito akanapita okha kukaitsata, koma akanadikira mkaziyo atuluke kaye m'nyumba. Ndinakwiya nawo. Ndimafuna adane nawo anthu aja ngati mmene ndinkadanirana nawo ine. Iwo ntchitoyo ankaikhulupirira, ndiye vuto lake. Ankakhulupirira kuti kubwereketsa amayi ndalama ndi chinthu chabwino, kuposa mmene eni bungwe ankakhulupirira. Ndipo ukayamba kuwayamikira za lole ija ankakudula pakamwa, amati panalibe chodabwitsa, galimoto inalipo ndipo maliro analipo, munthu wolera bwino akanatani.

Ndimadzifunsa kuti kodi anapindulanji. Asiyatu katundu anapitabe. Manijala uja anakwezedwa, pano ndimamuona pagalimoto yaikulu ya magalasi akuda. Bungwe linakula, linasamukira m'nyumba ya magalasi okhaokha. Chimene chinatsalapo n'chakuti telala mmodzi anagona pafupi ndi amayi ake tsiku lomwe anafa. Kaya zimenezo n'zokwana ndalama za ukalamba wa munthu, ine sindidziwa. Asiyatu amati n'zokwana. Mwana wa Mayi Gwaza amati ayi.

Mwanayo ndi amene anakwatiwa ku Area 43, ndipo anakangana nawo kwambiri chifukwa cha zimene anachita pambuyo pake. Ndi tindalama tija Mayi anagula tebulo ndi foni, n'kukhala pakhonde la shopu ina ya nsalu ku Area 2 kumatumiza ndi kutapitsa anthu ndalama za pafoni. Munthu woti anagwirapo banki yaikulu, kukhala pafumbi pakati pa ogulitsa chinangwa ndi osoka nsapato. Mwanayo ankati akumuchititsa manyazi, anzake akumawaona akamadutsa pagalimoto. Anawatenga kukakhala kwake, chipinda chawochawo, bafa momwemo. Sanathe mwezi. Anabwerera n'kumatiuza kuti kumeneko kuli mipanda ndi agalu basi, munthu ukhoza kufa aneba n'kudzamvera pawailesi. Kuyambira pamenepo mwanayo ankangotumiza dalaivala ndi thumba la shuga ndi sopo, ndipo iwo ankalandira sopoyo n'kubweza shuga, amati mwana wanga sakudziwa n'komwe matenda amene ndikudwala.

Anakhala pakhonde pamenepo zaka zonse zotsalazo. Ife a ku Tsoka tinkadutsa matebulo ena onse kuwoloka mpaka kwa iwo. Ankatidzudzulabe, ukatapa ndalama zambiri ankafunsa kuti za belo wasiya. Anzawo akale a kuofesi ankadutsa tsidya lina la msewu atayang'ana pafoni. Maso atayamba kuchita mdima ankayandikiza foni pamphuno, ndipo manambala ankatiuza tiwawerengere kawiri. Miyendo itatupa anasiya nsapato zija n'kumavala masilipasi. Tsiku lina sanabwere, tinamva kuti agonekedwa, ndipo sabata yake isanathe uthenga unafika pamsika.

Kumaliro bungwe lija silinatumize munthu. Mwina pano mulibenso amene akuwadziwa. Koma kunabwera abambo a tizisoti toyera ochokera ku Linthipe, anakhala kumbuyo kwenikweni nyimbo za Mvano zikuimbidwa, ndipo a kubanja ankafunsana kuti amenewa ndi a mbali iti. Palibe anawayankha, chifukwa nkhani ya lole mumbiri ija munalibe.

Dzulo ndinadutsa pakhonde paja pochokera kogula belo. Tebulo anabwera kudzatenga a kubanja. Pasimenti patsala malo oyererako pamene miyendo yake inkaponda, ndi msomali kukhoma pamene ankakoloweka chikwama. Wosoka nsapato wasunthira kale benchi yake chakuno pang'ono, ndipo anyamata a njinga zamoto ayamba kuimika pamthunzipo. Chimene chatsala ndi chitini chachikulu cha penti chimene anathiramo simenti n'kusiya bowo pakati lozikamo ambulera ya patebulo. M'bowomo mwalowa madzi a mvula ndi zotsalira za ndudu. N'cholemera, palibe wachisuntha. Mwini shopu anandiona nditaima n'kundifunsa ngati ndine wachibale. Ndinati ayi, ndinali kasitomala. Ndiye anati ndikakumana ndi achibalewo ndiwauze abwere adzachichotse, chikupunthwitsa anthu olowa m'shopu.